Charlie Chaplin ndi Mtsikana Wogulitsa Maluŵa

Nkhani ya madzulo ano ikukhudza kanema wakale wotchedwa City Lights, amene anaonetsedwa koyamba mumzinda wa Los Angeles ku America mu January 1931, ndiponso munthu amene anamukonza, Charlie Chaplin.

Chaplin anabadwira ku London m'chaka cha 1889. Makolo ake onse aŵiri anali oimba m'nyumba za zisangalalo, koma bambo ake anamira m'moŵa ndipo mayi ake ankadwala misala kaŵirikaŵiri. Ali ndi zaka 7 analoŵa m'nyumba yosungiramo amphaŵi ku Lambeth. Tsono pamene anayamba kuseŵera m'makanema ku America mu 1914, umphaŵi sanachite kuufunsa kwa wina. Anavala buluku lalikulu kwambiri, jekete lothina, kachipewa kakang'ono ndi nsapato zazikulu, natenga kandodo m'manja. Motero kunabadwa munthu woyendayenda uja, wosoŵa pogona koma woyenda mwaulemu ngati mwini mzinda.

Makanema a masiku amenewo analibe mawu. Oseŵera ankalankhula ndi nkhope, manja ndi kayendedwe, ndipo mawu oŵerengeka ankalembedwa pachinsalu. N'chifukwa chake Chaplin anatchuka ngakhale m'maiko osalankhula Chingerezi, pakuti munthu wanjala akamatafuna nsapato yophika, monga anachitira mu The Gold Rush mu 1925, safuna womasulira.

Zinthu zinasintha mu 1927 pamene kanema wa The Jazz Singer anamveketsa mawu a woimba Al Jolson. M'zaka ziŵiri kapena zitatu zokha makampani onse a ku Hollywood anali atatembenukira ku makanema olankhula, ndipo oseŵera ena otchuka ntchito inawathera pomwepo. Chaplin anakana kutsata gulu. Iye anaona kuti woyendayenda uja akangotsegula pakamwa adzasanduka Mngerezi kapena Mmereka, pomwe anali munthu wa mitundu yonse. Kukana kumeneku kunali kuika moyo pa chiswe, popeza ndalama zokonzera City Lights zinali zake zomwe.

Vuto lalikulu linali pa chiyambi penipeni pa nthano. Mtsikana wakhungu wogulitsa maluŵa m'mbali mwa msewu anayenera kuganiza kuti mmphaŵiyo ndi munthu wachuma. Nanga oonera akadziŵitsidwa bwanji zimenezi popanda mawu? Mtsikanayo sangaone zovala, ndipo woyendayendayo sanganame ndi pakamwa. Chaplin anavutika nazo miyezi yambiri, ndipo kachigawo kameneka anakajambula mobwerezabwereza maulendo oposa 300. Virginia Cherrill, amene anaseŵera ngati mtsikanayo, analibe chizoloŵezi cha ntchitoyi, ndipo aŵiriwo sankamvana konse. Nthaŵi ina Chaplin anamuchotsa ntchito, kenaka anamuitananso.

Yankho linapezeka pa chitseko cha galimoto. Pothaŵa maso a wapolisi pakati pa magalimoto othithikana, woyendayendayo akuloŵa m'galimoto la munthu wolemera limene laima, natulukira khomo la mbali ina, pafupi ndi mtsikanayo. Mtsikana akumva chitseko chikutsekedwa, ndipo akuyesa kuti watsika ndi bwana. Mmphaŵiyo akugula duŵa ndi kandalama kake komaliza. Mwini galimoto akubwera, akutseka chitseko, galimoto likuchoka. Mtsikana akukhulupirira kuti bwana wapita osadikira chenji. Woyendayendayo akuzindikira zimene zachitika, ndipo akuchoka monyang'ama kuti asaononge maloto a mnzake. Omvera wayilesi sangadabwe nazo, pakuti iwonso amaumba nkhope ya munthu ndi khutu lokha. Chodabwitsa n'chakuti oonera kanemayo chitsekocho sachimva. Amangochiona pa nkhope ya womva.

Kuchokera apo nthano ikuyenda mofulumira. Woyendayendayo akupulumutsa munthu wachuma wofuna kudziponya m'madzi. Wachumayo akaledzera amamukumbatira ngati mbale wake, koma moŵa ukamuthera amamupirikitsa. Pofuna kupezera mtsikana ndalama za lendi, mmphaŵiyo akusesa m'misewu, akuloŵanso m'bwalo la nkhonya kumene akubisala kumbuyo kwa woimbira maseŵero mpaka akugonja. Potsiriza wachuma uja, ali chiledzerere, akumupatsa madola 1,000. Woyendayendayo akupereka ndalamazo kwa mtsikana kuti akachizidwe maso, iye nagwidwa ngati mbala.

Chigawo chomaliza ndicho chimene okonda makanema akale amakambirana kufikira lero. Mtsikana tsopano akuona, ndipo ali ndi sitolo yakeyake ya maluŵa. Mnyamata wovala bwino akaloŵa, mtima wake umagunda, poyesa kuti ndi bwana uja. Woyendayendayo watuluka m'ndende ali nsanza zokhazokha, ndipo anyamata ogulitsa nyuzipepala akumuseka. Mtsikananso akuseka nawo. Pomumvera chifundo akumupatsa duŵa ndi kandalama, namugwira dzanja. Maso ake atsopano sanamuuze kanthu, koma dzanja lakelo lakumbukira. Nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono, ndipo kanema akuthera pa nkhope ya Chaplin, duŵa lili pafupi ndi milomo, akumwetulira mwamantha.

Ena amati aŵiriwo anakwatirana. Ena amati zimene zikuoneka pa nkhope ya mtsikanayo ndi chisoni cha munthu amene maloto ake asweka, ndi kuti kuthokoza si chikondi. Amene amaganiza chomwechi akuoneka kuti anayang'anitsitsa bwino, chifukwa mtsikanayo sakusekerera monga amasekerera munthu wopeza wokondedwa wake. Komabe dzanja lija sakulitaya. Akulikokera pa chifuwa pake.

Anthu anakhamukira kukaona City Lights ngakhale kuti makanema olankhula anali atadzaza kale, ndipo pa tsiku loyambalo Albert Einstein anali mlendo wa Chaplin. Woyendayendayo anaonekanso mu Modern Times mu 1936. M'menemo mawu ake anamveka kwa nthaŵi yoyamba, koma anaimba nyimbo ya m'chilankhulo chopeka, chimene palibe mtundu wa anthu umene ungati n'chathu.