Mawu a mlendo wolemekezeka potsekera maphunziro a makomiti a mijigo ku Chikwawa



Ndamva kuti ena munang'ung'udza: tinabwera kudzaphunzira kusintha mipira ya Afridev, nanga mayina a miyala ndi dothiwa alowa bwanji? Ndiyankhepo.

Galimoto yokumba mjigo ikafika pamudzi, ambirife timaima patali kuonerera fumbi. Sendezani pafupi. Wokumba amatapa zotuluka m'dzenjemo n'kuziika timilutimilu pamzere, ndipo timilu timeneto timaulula za pansi. Dongo lomata limaumira madzi. Mchenga wokhakhala ndi timiyala ndiye zimapatsa, ndipo gawo lotero ndi limene akatswiri amati aquifer. Ku Lilongwe ndi ku Kasungu madzi amakhala m'thanthwe lofumbutuka ndi m'ming'alu yake. Kuno kuchigwa cha Shire amakhala m'mchenga umene mitsinje inasiya kalekale. Tsono paipi yokhala ndi timipata ikaikidwa moyang'anana ndi dongo, mudzapopa mpaka msana kuwawa, ndowa osadzaza.

Za mchere sindingakuphunzitseni, mumaulawa nokha. Mjigo wina madzi okoma, wina pafupi pomwepo sopo osachita thovu, ngakhale nyemba kukana kupsa. Kachipangizo koyezera mchere n'kakang'ono, kolowa m'thumba. Wokumba ayeze inu mukuona, asanamange simenti.

Funsaninso kuti madzi aima pa mamita angati, ndipo ayeza mwezi uti. Mjigo wokumbidwa mu Malichi umanamiza; umboni wake umaoneka mu Okutobala. Akamapopa kuyesa mphamvu ya mjigo, khalani pomwepo ndi wotchi, muwerenge kuti ndowa ya malita 20 ikudzaza mphindi zingati. Chimbudzi ndi khola zitalikirane ndi mjigo mamita osachepera 30.

Mafumu, pempho langa kwa inu ndi limodzi. Wokumba aliyense amalemba pepala lofotokoza kuya kwa mjigo, dothi limene anadutsa ndi pamene anapeza madzi. Nthawi zambiri pepalalo limapita naye kutauni. Musasayine kuti ntchito yatha asanakusiyireni lanu, ndipo lisungidwe ndi mlembi wa komiti, amene tsopano akutha kuliwerenga.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunziro athu atsekedwa.