Wuhan, Mzinda wa pa Mtsinje wa Yangtze



A Mlembi atandipempha kuti ndidzalankhule za mzinda wa ku China umene ndinakhalako zaka zinayi, ndinayamba ndazengereza. Mukudziwa chifukwa chake. Ndikangotchula dzina loti Wuhan, munthu amene ndakhala naye pafupi amasendera uko pang'ono. Ambirife dzinali tinalimva koyamba pa wailesi m'chaka cha 2020, pamene boma la China linatseka mzindawo pa 23 Januwale chifukwa cha matenda a Covid-19, n'kudzautsegula pa 8 Epulo patatha masiku 76. Ine n'kuti nditabwerako kale. Koma zimandiwawa kuti mzinda wa anthu oposa 12 miliyoni uzidziwika ndi nthenda basi. Choncho lero ndikamba za mtsinje, pakuti mwini wake wa Wuhan ndi mtsinje.

Mzindawu uli m'chigawo cha Hubei, pakati pa dziko, pamene mtsinje wa Han umathira mu Yangtze. Kale inali mizinda itatu yoyang'anizana pamadzi: ku Wuchang kunali boma ndi masukulu, ku Hankou malonda, ku Hanyang ng'anjo zosungunulira chitsulo. Kuchokera pamenepo kukafika ku Shanghai, kunyanja yamchere, ndi makilomita oposa 1,000 potsata mtsinje, komabe sitima zikuluzikulu zimafika ndithu.

Azungu anaziona msanga zimenezi. M'chaka cha 1861 doko la Hankou linatsegulidwa kwa amalonda akunja, ndipo m'kupita kwa zaka Angelezi, Ajeremani, Afalansa, anthu a ku Russia ndi a ku Japan anatenga aliyense chigawo chake m'mbali mwa mtsinje, n'kumadzilamulira okha m'dziko la eni. Chimene ankafuna kwambiri ndi tiyi. A ku Russia ankamupsinja n'kukhala ngati njerwa kuti asavute kunyamula pa ulendo wautali wopita kwawo. Nyumba zawo zamiyala zilipobe, pamodzi ndi nyumba ya kasitomu ya wotchi pamwamba imene inatha kumangidwa mu 1924.

Ku Hanyang nako, bwanamkubwa wina dzina lake Zhang Zhidong anayambitsa fakitale yachitsulo m'zaka za m'ma 1890. Mpaka lero Wuhan amasula zitsulo, koma anaonjezera zina. Kuli likulu la kampani ya magalimoto ya Dongfeng, ndipo kudera lotchedwa Optics Valley amapanga zingwe zagalasi zowonda ngati tsitsi, zija zimanyamula mawu a telefoni ndi intaneti. Katundu wambiri amakwera sitima padoko la Yangluo, kumunsi kwa mzinda, chifukwa kunyamula katundu wolemera pamadzi n'kotchipa kusiyana ndi pa lole.

Tsono mtsinje womwewo ndi mdani. M'chaka cha 1931 madzi anasefukira n'kumiza Hankou kwa milungu yambiri, anthu n'kumayenda pa mabwato m'misewu. Ochuluka anafa ndi madzi, njala ndi matenda otsekula m'mimba. Mu 1954 madzi anakwera kufika mamita 29.73 pa muyeso wa padoko, ndipo chiyambire kuyeza sanafikeponso pamenepo. Chaka chimenecho anthu a mumzinda anagwira usana ndi usiku kukweza zipupa zotchinga madzi, mzinda n'kupulumuka, ndipo anamanga chipilala chokumbukira ntchitoyo. Mu 1998 zinatsala pang'ono kubwereza. N'chifukwa chake mukamapita kumtsinje ku Hankou mumadutsa pa zipata za chikhoma chachikulu, ndipo madzi akakwera kwambiri m'nyengo yamvula, cha mu Julaye, zipatazo amazitseka. Ine ndinaonapo mabenchi amene ndinkakhalapo madzulo atamira, mitengo ikungooneka nsonga, koma kuseri kwa khoma amayi akugulitsa zipatso ngati palibe chimene chachitika.

Mlatho woyamba kuwoloka Yangtze unamangidwa komweko ndi chithandizo cha akatswiri a ku Soviet Union, ndipo unatsegulidwa mu 1957. Ndi wosanjikiza: pansi sitima yapamtunda, pamwamba magalimoto. Usanamangidwe, mabogi a sitima yochokera kumpoto ankawawolotsa pa pantoni kuti akalumikize njanji ya ku Guangzhou. Lero milatho ilipo yoposa khumi.

Pafupi ndi mlathowo, paphiri, pali nsanja yotchuka ya Yellow Crane Tower, imene alakatuli akale a ku China anailembera ndakatulo zambiri. Yoyamba inamangidwa m'chaka cha 223, koma imene muione lero ndi ya 1985, yakonkire. Kunena zoona, ine sinandigwire mtima. Chimene chinandisowetsa chonena ndi mabelu amkuwa 65 a m'nyumba yosungira zakale ya Hubei, amene anawafukula mu 1978 m'manda a mfumu ina yotchedwa Yi wa ku Zeng. Akhala zaka zoposa 2,400, ndipo belu lililonse limalira mawu awiri, kutengera pamene mwalimenya. Ku Wuchang komweko n'kumene asilikali anaukira pa 10 Okutobala 1911, kuukira kumene kunagwetsa ufumu wa Qing.

Za chakudya ndinene pang'ono, poti ndikuona a kukhitchini akutiyang'ana. Anthu a ku Wuhan sakonda kuphika m'mawa. Amagula kadzutsa pamsewu n'kumadya akuyenda. Chotchuka ndi reganmian, tizingwe ta ufa watirigu tosakaniza ndi chiponde cha chitowe, topanda msuzi. Sabata yoyamba ndinkatsamwa nato. Pochoka ndinali nditazolowera moti ndinkadya ndikuthamangira basi, timitengo tiwiri tili m'manja. Kutentha kwa mu Julaye ndi Ogasiti ndiye musanene. Ngakhale anzathu a ku Nsanje angapemphe mthunzi.

Wina mwa inu akadzapitako, kaya kusukulu kaya kukaoda katundu, adzasiye takisi tsiku limodzi n'kukwera boti lowolotsa anthu kuchokera ku Wuchang kupita ku Hankou dzuwa likamalowa. Mtengo wake ndi wochepa zedi, ndipo amakwera ndi anthu wamba ochokera kuntchito, ena ndi njinga zawo zamoto. Mukafika pakati pa madzi mudzaona mlatho wa 1957 mbali iyi, mathiriro a Han mbali inayo, ndi sitima zodzaza mchenga ndi makontena zikudutsana.

A Wapampando, nthawi imene munandipatsa yatha.