Chotupa cha M'chifuwa: Kusiyana kwa Mwana ndi Munthu Wamkulu

Phunziro la Zaumoyo, Giredi 6 ndi 7

Kwa aphunzitsi: Phunziro lisanayambe, jambulani pabolodi chifuwa cha munthu, muonetse mapapo awiri, mtima ndi njira ya mpweya. Bweretsaninso phesi laliwisi la tsamba la papaya ndi kansungwi kouma kobooka m'kati.

Sabata yatha tinaphunzira za chifuwa chachikulu, ndiye TB. Lero tikamba za nthenda ina imene imafanana nacho koma si iyo ayi. Dzina lake ndi lymphoma. Nthendayi siipezeka kawirikawiri, kotero musachite mantha nthawi iliyonse mukatsokomola. Koma ikafika m'chifuwa, imayenda mosiyana mwa mwana ndi mwa munthu wamkulu, ndipo kudziwa kusiyanako kungapulumutse moyo.

Tiyambe ndi chinthu chimene nonse mukuchidziwa. Mukalasidwa ndi minga kuphazi, pamatuluka mwanabere m'mphechepeche. Anabere ndi timisasa ta asilikali a m'thupi, ndiwo maselo oyera amene amalimbana ndi tizilombo. Timisasa timeneti tili m'khosi, m'khwapa, m'mimba ndi m'chifuwa momwe. Bala likapola, mwanabere amaphwa. Koma nthawi zina asilikali ena amasokonezeka nayamba kuchulukana osaleka, popanda mdani woti alimbane naye. Pamenepo pamakula chotupa. Imeneyi ndiyo lymphoma, khansa ya asilikali a m'thupi. Siipatsirana, ndipo siibwera ndi ufiti.

Tsopano ikani dzanja pa fupa la pakati pa chifuwa chanu. Kuseri kwa fupalo, pakati pa mapapo awiri, pali malo opanikizika ndithu. M'menemo muli mtima, njira ya mpweya, njira ya chakudya ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi. Mulinso kachiwalo kena kotchedwa thymus. Kwa zaka zambiri madokotala sanadziwe ntchito yake, kufikira 1961, pamene Jacques Miller, akugwira ntchito ku London, anaonetsa kuti kamathandiza kuteteza thupi ku matenda. Tinganene kuti thymus ndi sukulu ya asilikali, pakuti m'menemo ndimo gulu lina la asilikali limaphunzira kusiyanitsa mdani ndi mbale. Mwa ana ngati inu sukuluyi ndi yaikulu ndi yodzaza. Munthu akatha msinkhu imayamba kuchepa, ndipo mwa agogo anu pamatsala pafupifupi mafuta okhaokha.

Apa ndipo pachokera kusiyana koyamba. Mwa mwana, lymphoma ya m'chifuwa kawirikawiri imayambira mwa asilikali osakhwima a mu thymus. Madokotala amaitcha lymphoblastic lymphoma. Imagwira anyamata ambiri kuposa atsikana, ndipo ndi mbale wake wa khansa ya m'magazi. Mwa akuluakulu mtundu umenewu ndi wosowa. Mwa anyamata ndi atsikana otha msinkhu ndi mwa akulu, chotupa cha pamalopa kawirikawiri chimakhala nthenda ya Hodgkin, imene Thomas Hodgkin wa ku London anaifotokoza mu 1832. Palinso mtundu wina umene umagwira makamaka amayi a zaka za m'ma 30.

Kusiyana kwachiwiri ndiko liwiro. Nthenda ya Hodgkin ili ngati moto wa pachitsa, umene umanyeka pang'onopang'ono. Munthu angathe miyezi akuonda, akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda, mwinanso ali ndi mwanabere wosapweteka m'khosi, koma akupitabe kumunda. Lymphoma ya mwana ili ngati moto wa lupsa m'mwezi wa October. Mwana amene anali kusewera mpira kumayambiriro kwa mwezi angalephere kupuma mweziwo usanathe.

Kusiyana kwachitatu tikuona ndi maso. Aphunzitsi, itanani mwana mmodzi afinye kansungwi ndi zala ziwiri. Kodi katsekeka? Iyayi. Tsopano afinye phesi la papaya. Mwaona mmene laphwanyikira? Njira ya mpweya ya munthu wamkulu ndi yotakata ndi yolimba. Ya mwana ndi yofewa, ndipo kukula kwake kuli ngati kachala kake kakaniso. Chotupa chimene wamkulu angachipirire chingatseke mpweya wa mwana.

Nazi zizindikiro zoyenera kuzidziwa. Mwana amatsokomola ndi kupuma movutika, nthawi zina ndi kaphokoso ngati ka mphumu. Amakana kugona chagada, pakuti chotupacho chimatsamira pa njira ya mpweya. Amafuna kugona atakhala tsonga kapena ataweramira kutsogolo. Nkhope ndi khosi zimatupa, makamaka m'mawa, ndipo mitsempha ya m'khosi imatukuka chifukwa magazi ochokera kumutu akulephera kubwerera bwino kumtima. Mwana wotere musamukakamize kugona chagada, ngakhale pa ngolo kapena m'galimoto. Apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndiponso asapatsidwe mapiritsi a prednisolone popanda dokotala, pakuti mankhwalawa amachepetsa chotupa kwa kanthawi, nabisa nthenda kwa amene ayenera kuipima.

Kwa akuluakulu vuto ndi lina. Kutsokomola, kuonda ndi thukuta la usiku ndizo zizindikironso za chifuwa chachikulu, chimene ndi chofala kwambiri kuno kwathu kuposa lymphoma. N'chifukwa chake achipatala amayamba ndi kupima makhololo. Koma munthu akamamwa mankhwala a TB mokhulupirika osaona kusintha, asasiye mankhwalawo payekha, koma abwerere kuchipatala akapimidwenso. Amene ali ndi kachilombo ka HIV amadwala lymphoma kawirikawiri kuposa ena, ndipo kumwa ma ARV mosadumphitsa kumachepetsa ngoziyo.

Aphunzitsi ena anamvapo za chotupa cha m'nsagwada za ana. Imeneyonso ndi lymphoma, yotchedwa ndi dzina la Denis Burkitt, dokotala amene anaifotokoza mu 1958 ali ku chipatala cha Mulago ku Kampala. Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri anayenda pa galimoto makilomita pafupifupi 16,000, nadutsa m'dziko lathu lino ndi ku Nyasaland, akufunsa m'zipatala. Anapeza kuti nthendayi imachuluka kumalo otentha ndi amvula, kumene pambuyo pake kunadziwika kuti ndiko kuli malungo ambiri. Lymphoma ya Burkitt imakonda nsagwada ndi mimba osati chifuwa, koma nayonso imatiphunzitsa chomwecho: mwa mwana, chotupa sichidikira.

Nanga chithandizo chili kuti? Ulendo umayambira ku kiliniki ya kufupi ndi kwanu. Kuchokera kumeneko wodwala amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Lundazi, kumene angajambulidwe m'chifuwa, kenaka ku Chipata Central Hospital ndi ku Lusaka, kumene kuli University Teaching Hospital ndi Cancer Diseases Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 2007. Kuti adziwe mtundu wa nthenda, madokotala amatenga kachidutswa ka chotupa kapena madzi a m'chifuwa nakaziyang'ana pa maikulosikopu. Wodwala nthenda ya Hodgkin amalandira mankhwala kwa miyezi ingapo. Mwana wa lymphoblastic lymphoma amawalandira kwa zaka pafupifupi 2. Chosangalatsa n'chakuti chotupa cha mwana, ngakhale chimakula msanga, chimamvanso mankhwala msanga. Koma apa pali msampha. Mwana akayamba kupuma bwino, makolo ena amaganiza kuti wachira, ndipo poona kutalika kwa Lusaka, makilomita oposa 700, ndi ntchito ya m'munda wa thonje ndi chimanga, amasiya mankhwala. Nthendayo imabweranso yovuta kuposa kale.

Bungwe la World Health Organization limanena kuti m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka safika 30. Zina mwa zifukwa zazikulu ndizo kuchedwa kufika kuchipatala ndi kusiyira mankhwala panjira. Ziwirizi tingathe kuzikonza ife tomwe.

Aphunzitsi, inu mumaona ana awa masiku asanu pa sabata. Ndinu mungayambe kuzindikira mwana amene wasiya kuthamanga kapena wafika ndi nkhope yotupa. Itanani makolo ake msanga. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo inu ana, mnzanu akabwera kuchokera ku Lusaka tsitsi litathothoka ndi mankhwala, musamuseke kapena kumuthawa. Tsitsi lidzameranso. Khalani naye pa desiki limodzi, mumubwereke makope anu. Tsalani bwino mpaka sabata yamawa.

Mafunso a pambuyo pa phunziro

1. Kodi thymus ili pati, ndipo imagwira ntchito yanji?
2. Tchulani njira zitatu zimene lymphoma ya m'chifuwa imasiyanira mwa mwana ndi mwa munthu wamkulu.
3. N'chifukwa chiyani mwana wotere sayenera kugonekedwa chagada?
4. Jambulani mapu oonetsa njira yochokera pa sukulu yanu kufika ku kiliniki ya pafupi.