Bulu ndi Ndalama Ziŵiri za Msamariya

Mu Mthenga Wabwino wa Luka Woyera, mutu 10, Msamariya uja sanangomanga mabala a munthu wovulala. Anamkweza pa bulu wake, nasiyanso ndalama ziŵiri kwa mwini nyumba ya alendo. Chokwera ndi cholipira: izi ndizo zimasoŵa amphaŵi kwathu kuno. Chipatala cha Boma nchaulere, koma kwa ambiri chili kutali. Cha mishoni, monga Likuni kapena Nguludi, chimafuna ndalama, pakuti mankhwala nawo ngogula. M'kalata yawo ya Lenti ya 1992, Maepiskopi athu anakumbutsa kuti chithandizo cha odwala chisayang'ane udindo wa munthu. Nanga mphakati wanu ukuchitapo chiyani? Sungani kathumba ka odwala, mugwirizanenso ndi mwini ngolo kapena njinga, kuti mayi woyembekezera matenda akamuyamba usiku asadikire kuti fodya agulidwe.