Lole Ikatentha Pacitunda: Kodi Ndi Injini, Kapena Ndi Muvi?

Mau okambidwa kwa aphunzitsi a masukulu a m'midzi ya Petauke ndi Nyimba

Mphunzitsi wa kumudzi sakhala mwini lole, koma zinthu zambiri za sukulu yace zimayenda pa lole. Madesiki, malata, simenti, mabuku ocokera ku boma, ngakhale ana opita ku mpira ku Minga kapena ku Hofmeyr, zonsezi zimakwera galimoto yobwereka, ndipo kawirikawiri imakhala yokalamba: Canter yotopa, kapena Bedford ya makedzana. Galimoto yotere ikaima pakati pa thengo, ana makumi atatu ali pamwamba, dalaivala amayang'ana kwa mphunzitsi kuti anene ngati ulendo upitirire. Nkoyenera tsono kuti mphunzitsiyo adziwe kusiyanitsa injini yotenthadi ndi muvi wonama.

Dziko lino liyesa injini kolimba. Wocokera ku Lusaka pa mseu wa Great East akaoloka mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968, ayamba kukwera mapiri mokhotakhota kulinga ku Kacholola, ndipo m'mwezi wa October kutentha kwa m'cigwamo kumapitirira madigiri 40. Lole yolemedwa ikwera pa giya yaing'ono. Injini igwira nchito ndi mphamvu zace zonse, pamene galimoto ingokwawa, ndipo mphepo yolowa mu rediyeta icepa. Momwemonso pa miseu ya fumbi yocokera kwa Luembe ndi kwa Sandwe. Injini imene iri ndi kacilema kobisika idzakaonetsa pamenepo.

Madzi azungulira mu injini mokankhidwa ndi pampu, natenga kutentha, nakakutaya mu rediyeta. Panjira pao pali kacitseko kochedwa themositati, kamene m'magalimoto ambiri katseguka madzi akafika pafupi ndi madigiri 82. Ana a sukulu aphunzira kuti madzi awira pa madigiri 100, koma kumeneko nkunyanja ya mcere. Ku Petauke, kumene kuli pamwamba mamita pafupifupi 1,000, awira pafupi ndi 97. Cimene ciwaletsa kuwira mu injini ndico cibvundikiro ca rediyeta, pakuti citsekereza mpweya, ndipo madzi opanikizidwa angathe kupitirira madigiri 110 osawira. Cibvundikiro ca mphira yong'aluka, kapena cisanza cotsekera m'malo mwace, ciwiritsa injini yopanda bvuto liri lonse. Ambiri agula rediyeta yatsopano pamene cofunika cinali kacibvundikiro ka mtengo wocepa.

Tsono za muvi. Muvi wa pa geji ndi mboni cabe, ndipo mboniyo sinaone yokha, inacita kuuzidwa. Pa mutu wa injini pali kacitsulo komva kutentha, kamene amakaniko amati sensa, ndipo uthenga wace uyenda pa waya mmodzi kufika pa geji. Pali ponse panjirapo uthenga ungapotoke. Citsulo ndi madzi sizitentha m'kuphethira kwa diso, kotero kutentha koona kukweza muvi pang'onopang'ono. Koma muvi umene ulumphira pofiira m'mamawa, dalaivala atangopotoza kiyi, injini iri yozizira, unena bodza: m'magalimoto ambiri akale cifukwa cace ndi waya wosupuka wokhudza citsulo ca galimoto. Waya yemweyo akaduka, muvi ugona pansi tsiku lonse. Muvi umene usuntha poyatsa nyali uonetsa kuti waya wolumikiza injini ku thupi la galimoto wacita dzimbiri kapena wamasuka. M'magalimoto ambiri akale a ku Britain muli kabokosi kumbuyo kwa mageji kamene kasunga magetsi pa mavoti 10, ndipo kadyetsa geji ya kutentha ndi ya mafuta pamodzi. Kakaonongeka, mivi yonse iwiri ikwera limodzi. Dalaivala akondwa poona thanki yodzala imene sanaithire, nadandaula poona injini yotentha imene siinatenthe.

Mabodza amenewa angocedwetsa ulendo. Bodza loononga injini ndi lina. Sensa imva bwino pokhapo iri yomira m'madzi. Payipi ikaphulika madzi natha, sensa itsala pouma, ndipo muvi ungathe kutsika pa nthawi yomwe injini iri kupsa. Cifukwa cace muvi umene unali pamwamba, nutsika wokha lole iri cikwerere citunda, suyenera kukondweretsa munthu ai. Pamenepo mphuno ndi makutu ziposa geji: fungo la oilo wopserera, mphamvu yocepa, ndi kugogoda kwacilendo mu injini. Mphunzitsi akamva zimenezi aimitse galimoto, ngakhale dalaivala aloze muvi nanena kuti zonse ziri bwino.

Poima, ana atsike nakhale patali, kumthunzi. Ngati madzi sanataike ndipo lamba wa fani ali wamoyo, injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kuti madzi azungulirebe. Ngati nthunzi iri kufoka kapena lamba waduka, izimidwe pomwepo. Cibvundikiro cisatsegulidwe kufikira injini itazizira, ndiko kudikira theka la ora kapena kuposa, pakuti madzi opanikizidwa aja akamasulidwa asanduka nthunzi nthawi yomweyo, nasupula nkhope ndi manja. Ndipo madzi ozizira othiridwa mu injini youma ndi yotentha ang'amba mutu wace, monga m'phika wadothi ung'aluka.

Injini iri yozima, dzanja lingathe kufufuza. Lamba akanikizidwe ndi cala cacikuru pakati. Akalowa kupitirira sentimita imodzi kapena pang'ono pamwamba pace, ngwolobodoka, ndipo pampu ndi fani sizizungulira mokwana. Payipi ya pamwamba ikakhala yofunda cabe pamene injini iri yotentha kwambiri, themositati yakana kutseguka. Malo ozizira pakati pa rediyeta yotentha aonetsa timipopi totsekeka. Kunja kwa rediyeta nakonso kuonedwe, makamaka nyengo yokolola, pamene lole zinyamula nshawa ndi thonje: mankhusu, ulusi ndi njere za udzu zimata timipata monga bulangeti.

Pali mayeso awiri amene sukulu iri nazo zipangizo zace kuposa garaja ya kumudzi, ndizo poto ndi thermometer ya m'bokosi la sayansi. Themositati imangidwe kacingwe, ilendewere m'madzi a pamoto osakhudza pansi pa poto; nambala yace inalembedwa pa citsulo cace, ndipo iyenera kuyamba kutseguka madzi akafika pamenepo. Ana a makalasi akuru angathe kuonerera, pakuti ndi phunziro labwino la kufutukuka kwa zinthu zotentha. Kuyesa muvi, cibvundikiro cicotsedwe m'mamawa injini iri yozizira, injini ilizidwe, ndipo madzi akayamba kuyenda thermometer iviikidwe pakamwa pa rediyeta. Ikanena 85 pamene muvi uli pofiira, wolakwa ndi muvi. Koma thobvu likamatumphuka pakamwapo kosaleka, utsi wa kumbuyo uli woyera, oilo ali ngati tiyi wamkaka, gasiketi ya mutu yapsa, ndipo lole yoteroyo isanyamule ana.

Madalaivala ena amacotsa themositati naitaya, nati dziko lotentha siliifuna. Mwambo umenewu ngwoipa. Injini icedwa kufunda, idya mafuta ambiri, iperepeseka msanga, ndipo bvuto lenileni, kaya ndi rediyeta yotsekeka kaya ndi pampu yotha, litsala pomwepo kudikira citunda ca Kacholola.

Madzi othira nawo asankhidwe. A padambo ali ndi matope. A m'mijigo yambiri asiya zoyera zonga za m'ketulo, zimene zitseka timipopi m'kati. Madzi a mvula osefedwa aposa onsewa, ndipo akasakanizidwa ndi mankhwala a rediyeta ogulitsidwa pomwetsera mafuta ku Petauke ndi ku Nyimba, dzimbiri licepa. Mphunzitsi wobwereka lole aone yekha, asananyamuke, kuti pali cigubu ca malita 20 codzala, lamba wapadera, ndi nsaru yocindikala yogwirira cibvundikiro.