Zimene Mbewa Zatiphunzitsa pa Matenda a Shuga

Ine ndikamba za shuga yogwira ana. Imayamba pamene asilikali a m'thupi, maselo a T, alandira uthenga wolakwika n'kuukira maselo a m'kapamba opanga insulini.

Zambiri tazidziwira pa mbewa za mtundu wa NOD, zimene akatswiri a ku Japan analengeza mu 1980. Mbewazi zimadwala shuga pazokha, makamaka zazikazi. Mu 1994 Lucienne Chatenoud ndi anzake ku Paris anazichiza ndi mankhwala ofooketsa maselo a T oukirawo. Nzeru yomweyo inabala teplizumab, amene dziko la America linavomereza mu 2022. Amachedwetsa matendawa mwa anthu pafupifupi zaka 2, koma sachiza ayi. Choncho wodwala kale asasiye insulini.