Khutba ya Lachisanu: Chuma Chobwerera ndi Chuma Chosabwerera

Tikumutamanda Allah, Mwini dzuwa, mvula ndi mphepo, ndipo tikumupempha kuti madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga olemekezeka m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha komanso ndikukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mobisika. Lero ndikufuna tilingalire za chinthu chimene tonse tachigwiritsa kale ntchito kuyambira m'bandakucha: moto umene waphika phala la ana, mafuta amene ayendetsa injini ya bwato, ndi magetsi amene akukweza mawu angawa.

Mu Surat Al-Waqi'ah, ndime 71 mpaka 73, Allah akutifunsa za moto umene timakoleza ndi za amene adalenga mtengo wake. Funsoli likutikumbutsa kuti palibe mphamvu imene munthu adailenga yekha. Munthu amangoitola pamene Allah adaiika, ndipo adzafunsidwa za katoledwe kake.

Mphamvu zimenezi zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene zimabwerera m'malo mwake: dzuwa limene latuluka lero silichepetsa la mawa, mphepo ya mwera imabweranso chaka chilichonse, ndipo mvula imadzazanso nyanja. Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene zidaunjikana pansi pa nthaka kwa zaka mamiliyoni ambiri, monga malasha amene amakumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi, petulo, dizilo ndi parafini. Zimenezi ukaziwotcha zapita. Sipadzakhala mdzukulu wako amene adzazione zitabwerera. Utsi wake nawo umaonjezera kutentha kwa dziko ndi kusokoneza nyengo.

Kodi mtengo uli m'gulu liti? Mtengo umaphuka ukadulidwa mwanzeru ndi kupatsidwa nthawi. Koma nkhwangwa ikathamanga kuposa mphukira, nkhalango imasanduka ngati mgodi umene ukutha. Choncho si chilengedwe chokha chimene chimagawa magulu awiriwa. Dzanja la munthu limatha kuchotsa chinthu m'gulu loyamba n'kuchiponya m'gulu lachiwiri.

Abale anga, dziko lathu lidasankha kalekale kudalira madzi. Malo opangira magetsi a Nkula adayamba kugwira ntchito mu 1966 ndi mamegawati 24. Pambuyo pake padadza Tedzani ndi Kapichira, onsewo pa mtsinje umodzi wa Shire, umene umatuluka m'nyanja yathu ino ku Mangochi. Chidali chisankho chanzeru, pakuti madzi sitigula kunja. Koma tidasenzetsa katundu yense pa mutu umodzi. Mbiri imatiuza kuti kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 nyanja idatsika kwambiri mwakuti Shire adaleka kutulutsa madzi ake. Mu 2016 ndi 2017 madzi adachepanso, magetsi ankathima usana wonse, zigayo zidaima, ndipo dziko lidachita kubwereka majenereta a dizilo pa mtengo wokwera. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 adatayika usiku umodzi. Ntchito yokonza idafika mpaka chaka cha 2023.

Taonani mmene zinthu zimalumikizirana. Munthu akagwetsa mitengo kumapiri kuti awotche makala, mvula imakokolola dothi n'kulitaya mu mtsinje. Matope ndi zinyalala zimadzaza madamu ndi kutseka makina, ndipo magetsi amathima m'tauni. Magetsi akathima, wa m'tauni amafuna makala ochuluka, ndipo wa kumudzi amagwetsanso mitengo ina. Matope omwewo amakwirira malo amene chambo chimaswanirana. Ichi n'chitsanzo cha zimene Surat Ar-Rum, ndime 41, ikutichenjeza, kuti ntchito za manja a anthu zimabweretsa chionongeko pamtunda ndi panyanja pomwe.

Sindikunena izi ponyoza mayi amene amasenza nkhuni kapena mnyamata amene amakankha matumba a makala pa njinga. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi, ndipo unyinji wa mabanja umaphikira nkhuni ndi makala. Munthu amene alibe njira ina sitingamuuze kuti agone ndi njala. Koma amene ali ndi njira ina ndipo akuikana chifukwa cha ulesi kapena umbombo, ameneyo ali ndi mlandu.

Nanga mafuta a galimoto? Dontho lililonse la petulo ndi dizilo limene timagwiritsa ntchito limachokera kunja, kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja. Tonse tikukumbukira mizere ya pa malo omwetsera mafuta mu 2011 ndi 2012, komanso mu 2022. Mafuta akasowa, bwato la injini limagona pagombe, ndipo usipa umakwera mtengo. Mu 2011 boma lidapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja ino. Amene amaona chuma m'menemo ali ndi mfundo zawo, pakuti umphawi wathu ndi weniweni. Koma tidziwe kuti nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndipo madzi ake amatenga zaka mazana ambiri kuti asinthike. Chimene chingatayikire m'menemo chidzakhala ndi ife, ndi ana athu, ndi ana a ana athu. Madzi akatayika saoleka. Nkhani yotere ikadzabweranso, msodzi ali ndi ufulu womva zonse ndi kufunsa mafunso asanavomere.

Allah adatipatsanso dzuwa lochuluka m'dera lino la kunyanja. Ku Salima adatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 mu 2021, ndipo ku Golomoti a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira mphamvu mu 2022. Asodzi ambiri amene kale ankakopa usipa ndi nyali za parafini tsopano akugwiritsa ntchito mababu oyendera batire. Komabe tisadzinamize kuti njira imeneyi ilibe mtengo wake. Dzuwa limalowa, ndipo popanda batire kuwala kumatha nthawi ya Maghrib, pamene tikukufuna kwambiri. Zipangizo zake zimadula pogula. Batire yakufa ili ndi mtovu ndi asidi. Ikatayidwa pagombe imathira chiphe m'madzi amene timamwa ndi kuchitira wudhu.

Tsono mtundu wa anthu usankhe bwanji? Chipembedzo chathu chikutipatsa miyeso itatu.

Muyeso woyamba ndi kupewa kuononga. Zidanenedwa kuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adamuletsa Sa'd kuchulutsa madzi pochita wudhu, ndipo adamuuza kuti lamuloli silisintha ngakhale munthu atakhala pa mtsinje woyenda. Ngati chinthu chobwerera sichiloledwa kuchimwaza, nanga bwanji chosabwerera?

Muyeso wachiwiri ndi kuganizira za mawa. Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, adalangiza Aigupto kusunga chakudya m'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu kuti adzapulumuke m'zaka zisanu ndi ziwiri za chilala. Mtundu wanzeru umagwiritsa ntchito chuma chotha pomanga chimene chidzakhalitse, ndipo sudalira gwero limodzi. Madzi, dzuwa ndi mphepo zimathandizana: chaka cha chilala ndicho chaka cha dzuwa lambiri.

Muyeso wachitatu ndi chilungamo. Mu hadith ina tidaphunzitsidwa kuti madzi, msipu ndi moto ndi zinthu zimene anthu amagawana. Choncho pa chisankho chilichonse tizifunsa: apindule ndani, ndipo alipire ndani? Sichilungamo kuti phindu lipite kutali pamene matope, utsi ndi chiphe zitsalire wosauka wa m'mbali mwa nyanja.

Abale anga, tisachoke muno ndi nkhani za boma zokha. Makomiti a mizikiti, pamene mukukambirana zogula jenereta, werengerani mafuta a zaka zisanu, kenako yerekezani ndi mtengo wa sola ndi batire yake. Amayi, mbaula ya dothi ya chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo imachepetsa utsi m'maso ndi m'chifuwa. Owamba nsomba, gwirizanani kukhala ndi munda wa mitengo wa pagombe panu. Asodzi, batire yakufa musaiponye m'madzi. Isungeni pouma mpaka ogula zitsulo afike. Aphunzitsi a madrasa, dzinja likubwerali mwana aliyense adzale mtengo umodzi ndi kuusamalira mpaka ukule, pakuti Mtumiki adatiphunzitsa kuti Msilamu akadzala mtengo, chilichonse chimene munthu, mbalame kapena nyama idzadye pamenepo chidzalembedwa kwa iye ngati sadaka.

Dziko lino ndi amana. Tidalipeza lili ndi nkhalango ndi nsomba chifukwa makolo athu adatisiyira, ndipo pa Tsiku la Kiyama tidzafunsidwa chimene ife tidasiya.

Tikumupempha Allah kuti atipatse mvula ya madalitso yopanda chionongeko, atisungire nyanja yathu, awapatse atsogoleri athu nzeru ndi chilungamo, ndipo atikhululukire pamene tidapyola malire. Ameen.